Labradoodle: Dzina Linabadwa Msanga, Mtundu Ukubwera Pambuyo

Mukalemba mawu oti Labradoodle pa Facebook kapena pa TikTok, foni yanu idzadza ndi tiagalu ta ubweya wopotana, maso obisala m'nsidze, nkhope ngati chidole cha mwana. Pansi pa zithunzizo pamakhala mitengo, ndipo pambali pa mitengoyo pamakhala zilembo zozunguza mutu: F1, F1b, F2, multigen, Australian Labradoodle. Wogulitsa uyu akuti wake sathothoka ubweya. Uyo akuti wake ndiye weniweni, enawo ndi ongoyerekeza. Wachitatu akulumbira kuti ngakhale mwana wa mphumu akhoza kugona naye pa bedi limodzi popanda kutsokomola.

Onsewa akutchula dzina limodzi, koma agalu amene akugulitsa ndi osiyana. Kusiyanako si nkhani yochepa ayi, chifukwa galu wotere amakhala ndi moyo zaka 12 kapena kuposerapo. Mukasankha molakwa, zaka zonsezo mudzakhala mukusesa ubweya umene munauzidwa kuti sudzagwa, kapena mudzafika pomuchotsa pakhomo galu amene ana anamuzolowera kale. Njira yosavuta yomvetsera zilembozi ndi kutsata mbiri yake, popeza chilembo chilichonse chinabwera pa nthawi yake ndiponso pa chifukwa chake.

Makolo awiri ochokera m'madzi

Tiyambe ndi Labrador. Dzina lakelo ndi losocheretsa kale, chifukwa makolo ake sanachokere ku Labrador koma pa chilumba choyandikana nacho cha Newfoundland, chomwe lero ndi gawo la Canada. Asodzi a kumeneko anali ndi agalu otchedwa St. John's water dog, amene ankalumphira m'madzi ozizira kukakoka zingwe ndi maukonde komanso kutola nsomba zopulumuka pa mbedza. Zombo zonyamula nsomba zouma zinkayenda pakati pa Newfoundland ndi doko la Poole ku England, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800 agaluwa anayamba kukwera nawo. Mabanja olemera okonda kusaka abakha, makamaka la Earl of Malmesbury ku England ndi la Duke of Buccleuch ku Scotland, anawaweta mosamala mpaka anasanduka mtundu paokha. Bungwe la Kennel Club linavomereza Labrador mu 1903, ndipo la American Kennel Club linalemba woyamba m'kaundula wake mu 1917. Ndi galu wofatsa, wokonda anthu, wosusuka pa chakudya, ndipo kususukako n'kumene kumachititsa kuti asavute kuphunzitsa. Vuto lake ndi limodzi: ubweya wake ndi wa magawo awiri, wapamwamba ndi wapansi, ndipo umathothoka osati masewera.

Poodle nayenso ndi galu wa m'madzi, ngakhale ambiri timamudziwa ngati galu wa anthu onyada wometedwa mochititsa kaso. Dzina lake limachokera ku mawu a Chijeremani onena za kukhavula m'madzi, ndipo Afalansa amamutchula caniche, dzina lochokera ku mawu otanthauza bakha. Ntchito yake inali yomweyo ya Labrador: mlenje akaombera bakha, galu akatole. Alipo wamkulu, wapakati ndi kakang'ono. Ubweya wake ndi wopotana, umakula osaleka ngati tsitsi la munthu, ndipo umene wathothoka umakodwa momwemo m'malo mogwa pansi. Pakhomo pamaoneka paukhondo, koma mtengo wake ndi chipeso ndi lumo moyo wonse.

Agalu awiriwa anakumanapo kale anthu asanayambe kuwerengera. Donald Campbell, Mngelezi amene anatchuka ndi liwiro la maboti ndi magalimoto, anagwiritsa ntchito mawu oti Labradoodle mu 1955 m'buku lake lotchedwa Into the Water Barrier pofotokoza galu wake Maxie. Koma nthawi imeneyo anali mawu ongoseka nawo. Palibe amene anaganiza zotsegula nawo bizinesi.

Kalata yochokera ku Hawaii

Nkhani yeniyeni inayambira ku Melbourne m'zaka za m'ma 1980. Wally Conron anali mkulu woyang'anira kubereketsa agalu ku bungwe la Royal Guide Dog Association of Australia, lomwe linkaphunzitsa agalu otsogolera anthu osaona. Tsiku lina kunabwera pempho lochokera kwa mayi wina wosaona wa ku Hawaii. Ankafuna galu womutsogolera, koma mwamuna wake thupi lake silinkagwirizana ndi agalu. Mwina mukufunsa kuti bwanji mayiyu sanapemphe kwawo ku America konko? Paja Hawaii ndi zilumba zopanda chiwewe, ndipo malamulo ake olowetsera agalu ndi okhwima kwambiri. Ku Australia nakonso kulibe chiwewe cha agalu, choncho galu wochokera kumeneko amalowa popanda kutsekeredwa miyezi yambirimbiri.

Conron anaganiza kuti yankho ndi losavuta: kupeza Poodle wamkulu n'kumuphunzitsa. Pa zaka zitatu anayesa agalu 33 a mtunduwu, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anakhoza ntchitoyo. Kutsogolera munthu wosaona kumafuna galu wodekha, wosadzidzimuka ndi phokoso la mumsewu, wokonzeka kuchita chinthu chimodzimodzi tsiku ndi tsiku osatopa nacho. Zaka zikupita, mayi uja akudikirabe, Conron anatenga Labrador wamkazi wa bungwelo dzina lake Brandy n'kumukweretsa ndi Poodle wamkulu dzina lake Harley. Mu 1989 kunabadwa ana atatu.

Apa pali mfundo imene otsatsa malonda ambiri amailumpha. Conron anatumiza ku Hawaii ubweya ndi malovu a ana atatu onsewo kuti akayesedwe pa bambo uja. Mwa atatuwo, mmodzi yekha, Sultan, ndiye amene sanamuyambitse vuto. Mayi mmodzi, bambo mmodzi, tsiku lobadwa limodzi, koma awiri analephera mayeso amene anawabadwitsa. Sultan anaphunzitsidwa, anapita ku Hawaii, ndipo anagwira ntchito yake bwino. Koma chiwerengero chimenechi, mmodzi mwa atatu, muchisunge. Tibwererakonso.

Mmene dzina linagulitsira galu

Ana a agalu otsogolera sakulira ku sukulu. Amaperekedwa kwa mabanja odzipereka kuti awalere chaka choyamba, azolowere anthu, magalimoto ndi misika. Mabanja ofuna kulera analipo ambiri, ena atadikira miyezi, koma atamva kuti ana awa ndi osakaniza, onse anakana. Ankafuna Labrador weniweni wa mapepala ake.

Conron anapita kwa anzake a ofesi yofalitsa nkhani n'kuwapempha kuti auze atolankhani kuti bungwelo lapanga mtundu watsopano wa galu, dzina lake Labradoodle. Nkhaniyo itangotuluka, mafoni anayamba kulira osalekeza. Agalu omwe aja, amene dzulo lake palibe ankawafuna, lero anthu akuwalimbirana. Chinasintha si galu ayi, ndi dzina basi.

Kuchokera pamenepo dzinalo linathamanga kuposa mwini wake. Anthu amene cholinga chawo sichinali kuthandiza osaona anaona msika. Kunabwera Goldendoodle, Schnoodle, Bernedoodle ndi ena osawerengeka, kuphatikiza pa Cockapoo amene analipo kale ku America. Pofika mu 2009, Barack Obama atangosankhidwa kumene anauza atolankhani kuti banja lake likusankha pakati pa Labradoodle ndi Portuguese Water Dog, chifukwa mwana wake mmodzi thupi lake silinkagwirizana ndi agalu ena. Pamapeto pake analandira Portuguese Water Dog, koma dzina la Labradoodle linali litamveka dziko lonse.

Apa mbiri inagawikana panjira ziwiri, ndipo njira ziwirizi ndizo zimabereka chisokonezo chimene mumachiona pa intaneti lero.

Njira yoyamba: F1, F1b ndi F2

Njira yoyamba ndi yongobwereza zimene Conron anachita. Mutenge Labrador, mutenge Poodle, ana awo ndi Labradoodle. Ena amawatchula American Labradoodle kapena British Labradoodle, koma musavutike nazo, mayinawa akungonena kumene galuyo wabadwira.

Aliyense amene anakulira pafupi ndi munda wa chimanga akuzidziwa kale zilembozi, kungoti sanazimve pa galu. Mbewu ya haibulidi imene mumagula m'sitolo ndi F1: ana oyamba a makolo awiri osiyana. Mukaibzala, chimanga chimamera chofanana, msinkhu umodzi, kukhwima nthawi imodzi. Koma mukasunga zokololazo n'kubzalanso chaka chamawa, munda umasokonekera: china chachitali, china chachifupi, china chobereka bwino, china kanjala. N'chifukwa chake alangizi amati mbewu ya haibulidi isamabwerezedwe. Mbewu yobwerezayo ndiye F2.

Pa galu ndi chimodzimodzi. F1 ndi mwana wa Labrador ndi Poodle, theka uku theka uku. F2 ndi mwana wa F1 awiri, ndipo apa m'pamene ana a mimba imodzi amasiyana kwambiri. F1b ndi mwana wa F1 amene wakweretsedwanso ndi mmodzi wa mitundu ya makolo ake, kawirikawiri Poodle, kotero kuti mongoyerekeza magawo atatu mwa anayi a magazi ake ndi a Poodle. Multigen ndi galu amene makolo ake ndi agogo ake onse ndi ma Labradoodle kwa mibadwo itatu kapena kuposa.

Sayansi inadzafotokoza chimene chimachitika mkati. Mu 2009 akatswiri ofufuza za chibadwa anasindikiza m'magazini ya Science zotsatira zosonyeza kuti kusiyana kwakukulu kwa ubweya wa agalu kumachokera ku tizigawo titatu tokha ta DNA, timene akatswiri amatitchula majini. Jini lotchedwa RSPO2 ndilo limapatsa galu ndevu ndi nsidze zazitali. FGF5 limalamula kuti ubweya ukhale wautali kapena waufupi. KRT71 ndilo limapotetsa. Galu aliyense amalandira jini lililonse kawiri, kamodzi kwa mayi, kamodzi kwa bambo.

Tsono onani masamu ake. Jini la ndevu ndi lamphamvu: ngakhale litachokera kwa kholo limodzi, ndevu zimamera. Poodle amakhala nalo mbali zonse ziwiri, Labrador alibe, choncho pafupifupi F1 aliyense amabadwa wandevu. Koma ubweya wautali ndi wofooka, umafuna kuti makolo onse awiri aupereke, ndipo Labrador nthawi zambiri amapereka waufupi. N'chifukwa chake F1 ambiri amakhala ndi ubweya wokhakhala, wanyankhalala, ndipo ambiri amathothokabe. Mukakweretsa F1 awiri, mwa ana anayi alionse mmodzi amayembekezeka kusalandira jini la ndevu konse. Ameneyo amakula ndi nkhope yosalala ngati Labrador, ubweya wake n'kumagwa ngati wa agogo ake. Wogula amene analipira ndalama zambiri pofuna kachidole kaja amadabwa galu akamakula, n'kumaganiza kuti anaberedwa. Mwina sanaberedwe. Ndi lamulo lomwe lija limene Gregor Mendel analipeza pa nsawawa zake n'kulisindikiza mu 1866.

F1b ndiye yankho la oweta ofuna ubweya wosagwa. Mukabwerera kwa Poodle, ana onse amakhala ndi ndevu, ndipo pafupifupi theka amalandira ubweya wautali. Koma tinene zoona: galu amene magawo atatu mwa anayi ndi Poodle, khalidwe lakenso limakokera komweko. Amakhala wochenjera kwambiri, watcheru, wosachedwa kunyong'onyeka akasiyidwa yekha. Ngati mumafuna kufatsa kwa Labrador, mukuchoka nako kutali.

Njira yachiwiri: Australian Labradoodle

Njira yachiwiri inatsalira ku Australia komweko. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi m'ma 1990, makola awiri oweta agalu, Tegan Park ndi Rutland Manor, anaganiza zopanga mtundu wokhazikika, woti mukakweretsa awiri muzidziwiratu kuti ana adzaoneka bwanji. Anaona kuti Labrador ndi Poodle okha sakukwanira, ndiye anayamba kuthiramo magazi ena: English Cocker Spaniel, American Cocker Spaniel, ndipo m'mabanja ena Irish Water Spaniel. Cocker anabweretsa thupi laling'ono, nkhope yozungulira ndi ubweya wofewa. Kenako m'badwo uliwonse ankasankha ana a ubweya umene ankaufuna n'kumabereketsa okhawo.

Imeneyi si njira yachilendo, ndi mmene mitundu yonse ya ziweto imapangidwira. Nkhuku zakuda zija timazitchula za Mikolongwe, dzina lake lenileni ndi Black Australorp, ndipo nazo zinapangidwa ku Australia posankha m'badwo ndi m'badwo kuchokera ku nkhuku za ku England mpaka zinakhazikika. Kusiyana kwake n'kwakuti nkhukuzo zinamaliza ulendo wake kalekale, pamene galuyu akadali panjira.

Choncho mukamva kuti Australian Labradoodle, sizikutanthauza Labradoodle wobadwira ku Australia. Akhoza kubadwira ku Manchester kapena ku Johannesburg. Dzinali likunena za mzere wa magazi wochokera ku ntchito ya makola aja. Mabungwe a oweta, monga Australian Labradoodle Association of America, ali ndi kaundula wawo ndi miyezo yawo. Amagawa agaluwa patatu: wamng'ono wa makilogalamu pafupifupi 7 mpaka 13, wapakati wa 13 mpaka 20, ndi wamkulu wa 23 mpaka 30. Ubweyanso amaugawa. Umene amautchula fleece ndi wofewa, woyenda mafundemafunde. Umene amautchula wool ndi wopotana kwambiri ngati wa nkhosa. Wachitatu, hair, ndi wowongoka ndipo umathothoka. Umapezeka kwambiri mwa F1 ndi F2, ndipo oweta a mzere wa Australia amayesetsa kuuthetsa.

Koma mabungwe akuluakulu olemba mitundu ya agalu, Kennel Club ya ku Britain, American Kennel Club ndi FCI, savomereza Labradoodle wa mtundu uliwonse ngati mtundu wokhazikika. Wogulitsa akakuuzani kuti galu wake ali ndi mapepala, mufunse kuti mapepala a bungwe liti.

Mu 2020 kunatuluka chinthu chochititsa chidwi. Gulu la akatswiri a ku National Human Genome Research Institute ku America, motsogozedwa ndi Elaine Ostrander, linayeza DNA ya agaluwa n'kusindikiza zotsatira mu PLOS Genetics. F1 anapezeka monga mmene aliyense ankayembekezera, theka ndi theka. Koma Australian Labradoodle anapezeka kuti mbali yaikulu kwambiri ndi Poodle, ndipo Labrador ndi Spaniel angotsala pang'ono. Chifukwa chake n'chomveka. Kwa zaka 30 oweta ankasankha ubweya wosagwa, ndipo ubweya wosagwa ndi wa Poodle. Ulendo umene unayamba chifukwa Poodle 33 analephera ntchito wazungulira n'kubwerera pafupi ndi Poodle yemweyo.

Mayina ena awiri osokoneza

Pali mayina awiri amene amakola anthu. Loyamba ndi Aussiedoodle. Ameneyu si Australian Labradoodle wofupikitsidwa ayi, ndi mwana wa Poodle ndi Australian Shepherd, galu woweta nkhosa amene, chodabwitsa, anapangidwira kumadzulo kwa America osati ku Australia. Mulibe Labrador m'magazi ake. Ndi galu wa mphamvu zambiri, wobadwira kuthamanga tsiku lonse, ndipo mukamutsekera m'nyumba ya chipinda chimodzi, mipando yanu ndiyo idzalipira.

Lachiwiri ndi Australian Cobberdog. Ena mwa amene anayambitsa Australian Labradoodle ataona kuti dzinalo aliyense akungoligwiritsa ntchito mmene wafunira, anasankha dzina latsopano. Cobber ndi mawu a ku Australia otanthauza bwenzi. Mu 2012 bungwe la Master Dog Breeders and Associates linalandira Cobberdog ngati mtundu umene ukupangidwa, ndi kaundula wakewake. Ndi nthambi ya mtengo womwe uja, yongodzipatula pofuna kuteteza ntchito yake.

Nanga za ziwengo zija?

Tibwerere ku chiwerengero chija, mmodzi mwa atatu. Anthu ambiri amaganiza kuti chimene chimawayetsemulitsa, kuwatupitsa maso kapena kudzutsa mphumu ndi ubweya. Ayi. Ndi mapuloteni amene amapezeka m'malovu, mu mkodzo ndi mu mfundu za pakhungu la galu, ndipo odziwika kwambiri amatchedwa Can f 1. Ubweya ndi galimoto chabe yonyamula zinthuzi. Galu aliyense ali ndi malovu ndi khungu, kaya ndi wopotana kaya ndi wosalala.

Mu 2011 ofufuza a ku chipatala cha Henry Ford ku Detroit anayeza fumbi la m'nyumba 173 zokhala ndi agalu, ndipo sanapeze kusiyana pakati pa nyumba za agalu otchedwa osayambitsa ziwengo ndi za agalu wamba. Mu 2012 ofufuza a ku Utrecht ku Netherlands anayeza ubweya wa agalu osiyanasiyana. Anapeza kuti ubweya wa mitundu yotamandidwayo, kuphatikizapo Labradoodle ndi Poodle, unali ndi Can f 1 wambiri kuposa wa agalu enawo, ndipo mu mpweya wa m'nyumba munalibe kusiyana.

Izi sizikutanthauza kuti amene amati Labradoodle wawo sawavutitsa akunama. Agalu amasiyana mmodzi ndi mmodzi, anthunso amasiyana. Alipo ena amene thupi lawo limadana ndi puloteni imene imapangidwa ndi agalu amphongo okha, moti galu wamkazi sawavuta. Mfundo ndi yakuti dzina la mtundu silingakulonjezeni kanthu. Conron mwiniwake sanakhulupirire dzina, anatumiza ubweya ndi malovu a galu aliyense payekha. Ngati pakhomo panu pali wa mphumu kapena ziwengo, chitani zomwezo: munthuyo akakhale ndi kagalu kenikeniko kangapo, maola angapo, musanapereke ndalama. Dziwaninso kuti kagalu kakamayandikira chaka, ubweya waukhanda umachoka n'kubwera wachikulire, ndipo nthawi zina umasintha maonekedwe.

Kodi wosakaniza ndiye wathanzi?

Mfundo ina yogulitsira agaluwa ndi yakuti wosakaniza sadwaladwala. Pali choonadi pang'ono: matenda ena a chibadwa amafuna kuti makolo onse awiri apereke jini lolakwika lomwelo, ndiye makolo akakhala a mitundu yosiyana mpata umachepa. Koma tsoka lake, Labrador ndi Poodle amadwala matenda ena ofanana. Onse awiri amavutika ndi mfundo za m'chiuno zosalumikizika bwino. Onse awiri, pamodzi ndi Cocker Spaniel, amanyamula nthenda ya maso yotchedwa PRA imene imachititsa khungu pang'onopang'ono. Tangoganizani, galu amene anapangidwira kutsogolera osaona akhoza kubadwa ndi nthenda yomuchititsa khungu iye mwini. Kuwonjezera apo, Labrador amabweretsa vuto la zigongono, Poodle wamkulu amabweretsa nthenda ya Addison, ndipo makutu ogwa okhala ndi ubweya mkati amasunga chinyezi n'kumatukusira.

Mu 2024 sukulu ya madokotala a ziweto ya Royal Veterinary College ku London inafunsa eni agalu oposa 9,000 n'kuyerekeza Labradoodle, Cockapoo ndi Cavapoo ndi mitundu ya makolo awo pa matenda 57. Pa kuyerekeza koposa 86 pa 100 kulikonse, panalibe kusiyana. Mwachidule, agaluwa si athanzi kuposa makolo awo, komanso si odwala kuposa makolo awo. Chimene chimasiyanitsa ndi woweta: kodi anayeza mayi ndi bambo asanawakweretse, kapena anangoona ndalama?

Kudandaula kwa nkhalamba

Mu 2019, ali ndi zaka 90, Wally Conron analankhula pa pulogalamu ya wailesi ya ABC ya ku Australia. Anati kupanga Labradoodle ndi chinthu chimene amanong'oneza nacho bondo kwambiri pa moyo wake, ndipo anayerekeza zimene anachitazo ndi kumasula chilombo chimene sangathenso kuchibweza. Chimene chinkamupweteka si Sultan, koma anthu amene anatola dzinalo n'kuyamba kukweretsa galu aliyense ndi Poodle aliyense, osayeza thanzi, osaona khalidwe, bola ana atuluke opotana. Oweta osamala ndi eni agalu ambiri anamutsutsa, n'kunena kuti agalu awo ndi abwinobwino ndipo ena akuthandiza anthu olumala ndi odwala. Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo. Koma chaka chotsatira chinaonetsa kuti nkhalambayo sinkalota. Mliri wa Covid-19 utatsekera anthu m'nyumba mu 2020, ku Britain anthu anakhamukira kogula tiagalu, mitengo inakwera koopsa, ndipo ochita malonda achinyengo anachuluka. Mu April chaka chomwecho ku England kunayamba kugwira ntchito lamulo lotchedwa Lucy's Law, loletsa kugulitsa kagalu kosakwana miyezi 6 kudzera mwa munthu wapakati. Wogula ayenera kupita kwa woweta mwiniwake kapena kumalo osungira agalu osowa pokhala.

Ndiye musankhe uti?

Mbiri yonseyi ikutisiyira mayankho osavuta. Ngati mukufuna galu wamkulu, wamasewera, wokokera ku Labrador, ndipo tsache simuliopa, F1 akukwanirani. Ngati chachikulu kwa inu ndi ubweya wosagwa, yang'anani F1b kapena multigen, koma mudziwe kuti mukugula galu amene mbali yaikulu ndi Poodle, ndipo mwina ndi bwino kudzifunsa chimene mukukanira Poodle weniweni. Ngati mukufuna kudziwiratu msinkhu ndi maonekedwe, Australian Labradoodle wochokera kwa woweta wolembetsedwa ndiye amayandikira kukhazikika, ndipo mtengo wakenso umakhala wokwera. F2 ndi mpikisano wamwayi, oyenera munthu amene angakonde chilichonse chimene chatuluka.

Ubweya wosagwa uli ndi ngongole yake. Umafuna kupesa mpaka pakhungu kangapo pa sabata, ndi kumeta pakatha masabata 6 mpaka 8 alionse. Mukanyozera umamangana ngati chiguduli, khungu limachita zilonda pansi pake, nkhupakupa ndi utitiri zimabisalamo, ndipo mapeto ake ndi kumeta mpala. Kumalo otentha ngati kwathu kuno, ubweya wotere ndi katundu wolemera kwa galuyo. Paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Ndipo ngati mukufuna mlonda wa pakhomo, dziwani kuti makolo onse a galuyu anapangidwira kutola abakha ndi kukonda anthu. Akhoza kuuwa mlendo akafika, koma kenako amugwedezera mchira.

Musanalipire, funsani. Muone mayi wa kagaluko ali ndi ana ake pamalo pamene anabadwira. Mufunse kuti bambo ndi ndani, ndi wamkulu bwanji, chifukwa msinkhu wa mwana umachokera kumeneko. Mupemphe zotsatira za kuyeza chiuno, zigongono ndi maso a makolo onse awiri, zolembedwa ndi dokotala wa ziweto, osati zapakamwa. Mufunse za katemera, ndipo musalandire kagalu kosakwana masabata 8. Wogulitsa amene akufuna mukumane pa filling station, kapena amene akulumbira kuti galu wake sangayambitse ziwengo kwa munthu aliyense, musiyeni apite. Woweta wabwino mudzamudziwa chifukwa nayenso adzakupanikizani ndi mafunso: mumakhala nyumba yotani, mumachoka maola angati, galuyu adzatsala ndi ndani.

Safunsa anadya phula. Labrador anatenga zaka pafupifupi 100 kuchoka pa doko la Poole kufika m'kaundula wa Kennel Club. Labradoodle wa Conron anabadwa mu 1989, ndipo mtunduwu ukadali kupangidwa. Pakadali pano, chimene mukugula ndi kagalu kamodzi kamene kali patsogolo panu, pamodzi ndi mayi ake ndi bambo ake. Yang'anani amenewo kaye, zilembo za pa chithunzi zibwere pambuyo.